Chilembo Chothyoka Mwendo

Nthanda anamumanga Lolemba m'mawa, ine ndili m'chigafa kusankha fodya. Amene anadzandiuza ndi Agnesi, uja wa mandasi wa panjira ya kutchalitchi. Anafika akuthamanga, kumutu kulibe ndi mpango womwe.

"Make Nthanda, tulukani! Mwana wanu ali pa unyolo!"

Sindinafunse kawiri. Masamba ndinawataya pansi, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti ine Fainess fodya sinditaya pansi.

Kupolisi ya pa Kaluluma ndinapeza Sajeni Fumbani, munthu wamtali wa kumpoto uko amene anamutumiza kuno chaka chatha. Ankalemba. Mutu sanadzutse.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

"Khalani pansi, mama."

"Ndakhala kale kwathu. Walakwanji?"

Anaika cholembera patebulo. "A Kalekeni, mkulu wa mpingo wanu, apezeka m'mawa uno m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, mutu utang'ambika. Ali kuchipatala kuboma, sakuyankhula. Bokosi lachitsulo n'lotsegula, buku lakale lija mulibe. Chitseko sichinathyoledwe, yayi. Makiyi alipo awiri, wina wa a Kalekeni, wina wa mwana wanu poti ndiye amasesa. Ndipo chitenje chake ndi magazi okhaokha."

"Inu mukapeza nkhalamba itagwa mumaidzutsa ndi ndodo? Anawanyamula mutu, magaziwo ndi amenewo. Nanga anakuwa kuitana anthu ndani?"

"Ndi yemweyo. Akuba ena amayamba okha kukuwa, mama."

"Buku alitani Nthanda? Alidye?"

"Alipo anthu m'tauni amasaka mabuku akale otere. Mawa masana kubwera galimoto ya kuboma. Ikamutenga, nkhani yachoka m'manja mwanga. Mukaonana naye kukhoti."

"Ndipatseni mpaka Lachisanu."

"Yayi."

"Lachitatu."

"Mama, kuno si kumsika wa fodya."

"Ndiye mpaka galimoto yanuyo ifike. Koma ndikadzakuitanani, mudzadzuke pampandopo munditsate. Tikakapanda kupeza kanthu munditsekere limodzi naye, mphasa ndibweretsa ndekha."

Anandiyang'ana koyamba. "Enya, tamvana. Koma mudziwiretu kuti pali mboni. Munthu anamuona akutuluka m'tchalitchi atabisa chinthu m'chitenje, asanabwerere kukakuwa."

"Ndani ameneyo?"

"A Sankhani. Aphunzitsi opuma aja."

*

Ndinene kaye za bukulo, mumve chifukwa chake nkhaniyi inandipweteka kawiri.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 2. Baibulo la masiku ano ndikalitsegula ndimangoona njere za fodya zitamwazika, mizere yothithikana ngati nazale yofesa munthu woledzera. Maso amatuluka misozi, mzere umandithawa. Koma buku la nyimbo ndi mapemphero lija ndimawerenga. Anandiphunzitsa ndi a Kalekeni, ndili kale ndi ana atatu, Lachinayi lililonse tikatuluka kumapemphero a amayi.

Ankati analisindikiza ndi amishoni, agogo awo ali mnyamata wopukuta makina kumeneko. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake ka mtovu. Ankatola kamodzikamodzi ngati munthu wosankha nyemba, kundandalika mobwerera, kupaka inki, kenako kudinda papepala ndi mphamvu ya mkono.

"Ankadziwa kuti owerenga ake ndi anthu akuluakulu ongoyamba kumene, owerengera pa koloboyi," ankatero a Kalekeni. "Ndiye anazipatsa mpata kuti zipume. Taona, Fainess, chilichonse chili ndi timapazi, chaponda pamzere. Diso silisochera. Ndipo m'mbalimu anasiya malo oti chala chigwire osaphimba mawu a Mulungu."

Maso awo atachita ng'ala anayamba kuwerenga ndi chala. Zilembo zija zinaluma pepala, zinalowa m'kati, moti ukalitembenuza kuseri umazimva ngati mitsempha ya tsamba la fodya.

Nyimbo yomaliza m'bukumo imayamba ndi M wamkulu ngati chala changa chachikuluchi, wozunguliridwa ndi timaluwa, mwendo wake umodzi wothyoka cham'munsi. Akuti kachitsulo kake kanagwa n'kubenthuka, ndipo kolowa m'malo kunalibe. Chilembo choyamba chimene ndinachidziwa pa dziko lino ndi chimenecho. Ikatha nyimboyo panali pepala limodzi lopanda kanthu, kenako chikuto.

Nthanda ndinayankhula naye pa kazenera ka chitokosi. Mkazi wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zitatu, akulira ngati khanda.

"Amayi, sindinawamenye ine."

"Ndikudziwa, usandichedwetse. Pukuta mamina. Chitseko unachipeza bwanji?"

"Chotsegula. Kiyi wanga sindinamutulutse n'komwe."

"Bukulo pali wina analigwirapo masiku ano, kupatula a Kalekeni?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe!"

"Mwezi watha a Sankhani anandipempha kuti ndiwatsegulire. Akuti akulemba mbiri ya mpingo. Anakhala nalo okha m'kachipinda, ine ndikukolopa kutsogolo."

"A Kalekeni unawauza?"

"Anati ndisawavutitse, ndi okalamba."

"Mutu wako ndi wa bambo ako ndithu," ndinatero. Koma pochoka pazenerapo ndinali nditaona chinthu chimodzi. Munthu amene anagwira buku mobisa ndi yemweyo amene akuloza mwana wanga chala.

*

Lamulungu ine kutchalitchi sindinapite. Kunagwa kamvula kowaza, fodya anafewa bwino, ndipo Mulungu amene anagwetsa kamvulako akudziwa chifukwa chake ndinatsala m'chigafa. Choncho zimene zinachitika kumeneko ndinakazimva kwa Agnesi, atabwerera pa chiwaya chake.

"Ee, Make Nthanda, munaphonya inu! Titangotuluka chonchi, abusa akuti tonse pansi pa mango, pali nkhani. Ine mandasi anga ndasiya ndi ntchentche. A Sankhani aimirira, jekete lija la pa maliro a akazi awo, atulutsa pepala m'pulasitiki. Lachikasu, lakale, losindikiza bwinobwino! Akuti amishoni anapatsa agogo awo dambo lonse la kumunsi kwa tchalitchi, munda uja timalima a mpingo. Akuti alipeza m'sutikesi ya malemu bambo awo. Abusa kukamwa yasa. Amayi a Liness anayamba kulira, mukudziwa iwo aja salephera kulira, tsiku lija la ukwati wa..."

"Siya za Liness. A Kalekeni anati chiyani?"

"Ndikufika kumeneko! Akuti, 'Patseni kuno.' Alitulutsa m'pulasitiki muja. Osaliyang'anatu, maso ali kumwamba. Alisisita ndi zala kutsogolo, alitembenuza, alisisita kuseri. Alinunkhiza! Anthu kuseka. Kenako akuti, 'Pepalali ndikulidziwa. Koma zilembozi n'zachilendo, sizikuluma. Mawa m'mawa ndikatsegula bokosi, ndipo ndidzakuuzani kumene lachokera.'"

"A Sankhani?"

"Anaseka nawo. Koma thukuta linali apa, ndinaliona ndi maso angawa."

"Nanga lero m'mawa unaona chiyani?"

Pamenepo Agnesi anandipatsa msana. Anayamba kutembenuza mandasi amene anali atapsa kale.

"Ine ndimayang'ana mafuta anga."

"Agnesi, tsiku lina mwamuna wako atakuthamangitsa unagona kwa yani?"

"Kwanu."

"Ndiye yankhula."

"A Kalekeni anadutsa ndi ndodo yawo dzuwa litangotuluka. Patapita kanthawi ndinamva njinga yamoto kuseri kwa tchalitchi. Kuimva chabe, osaiona. Inazima, kenako inaliranso. Nthanda anadutsa ndi tsache pambuyo pake, ndipo anandipatsa moni. Koma njinga zamoto zilipo zambiri kuno, si a Sankhani okha ali nayo. Musanditchule, Make Nthanda, ine ndili ndi ana."

"Nane ndili naye. Ali m'chitokosi."

*

Kuno kwathu wosindikiza mapepala alipo mmodzi, Benjamin, ali ndi kashopu ka kompyuta pakati pa butchala ndi malo ometera. Ndi mwamuna wa ndevu zake, koma amayankhula ngati wailesi ya achinyamata. Miyezi isanu ndi umodzi tsopano wakhala akuzungulira pakhomo panga ngati galu wanunkhiza nyama, ati akufuna Nthanda. Atandiona anaimirira mpaka kugwetsa mpando.

"Mami! Ndamva za Nthanda, ndakhumudwa heve. Ndimati ndikatseka ndipite..."

"Khala pansi. A Sankhani unawasindikizira chiyani?"

"Aa, mami, za makasitomala sitiulula. Ndi malamulo a bizinesi."

"Chabwino. Mawa masana Nthanda akupita kundende ya kuboma. Ukamufunsire komweko, akupatsa alonda."

Ndinatembenuka. Ndisanafike pakhomo anandiitana.

"Dikirani kaye. Ine sindinadziwe, mami, Mulungu akundiona. Anabwera mwezi watha, akuti ndi za sewero la ana a Sande sukulu. Anabwera ndi mawu olembalemba pamanja, akuti ndiwataipe ndi zilembo zooneka zachikale. Ndinawaonetsa mitundumitundu pakompyutapa, anasankha okha."

"Pepala linali lako?"

"Ayi, ndiye zinandidabwitsa. Anabwera ndi lawo, limodzi lokha, lachikasu, lokhuthala, lili ndi kabowo ka njenjete pakona. Akuti, 'Ukaliwononga ndikuwononga iwe.' Tinayesa kaye pa mapepala anga kanayi konse. Oyeserawo anatenga onse, ndipo anaima pompo mpaka ndifufute pakompyuta."

"Tasindikiza chilichonse ndione."

Makina analira, pepala linatuluka lofunda. Ndinatseka maso n'kulisisita. See, ngati galasi. Kuseri, see. Ndinalipinda n'kukanda ndi chikhadabo popindikapo, inki inasupuka ngati nkhanambo.

"Zako sizilowa m'kati?"

"Sizingalowe, mami. Makinawa amangomata pamwamba ndi moto."

"Mawa m'mawa ukanene zimenezi pamaso pa sajeni."

Nkhope inamugwa. "A Sankhani ndi munthu woopsa. Anthu amangoona jekete. Chaka chatha waganyu wawo wina anawayankha mwano, anachoka kuno dzanja lili lendelende, ndipo palibe ananena kanthu."

"Ukufuna mkazi kapena ukufuna dzanja?"

"Zonse, mami."

"Sankhapo chimodzi. Ndikupeza mawa."

Pobwerera ndinadzera dala njira ya kwa a Sankhani. Dzuwa linali litapendeka koma likuotchabe, mpweya uli gwa, masamba a chimanga chouma akulira okha. Ndili patali ndinamva jeke akulira m'chigafa mwawo, chitsulo chija chopanikizira fodya m'belo. Ndinaima. Aganyu awo ndinali nditawaona kumsika akumwa. Ndipo palibe mlimi wanzeru zake amene amadinda fodya dzuwa lili chonchi, tsamba louma limangofumbutuka.

Jeke analeka kulira. Pa mpata wa udzu wa chigafa ndinaona diso likundiyang'ana.

*

Lachiwiri ndinafika kupolisi ndi Benjamin, ndikumukoka ngati mbuzi yopita kumsika. Sajeni Fumbani anali panja, foni ili m'manja, chipewa atavula.

"Mama, a Kalekeni atisiya m'bandakucha. Sanatsegule pakamwa."

Ndinagwira khoma. Misozi ndinaibweza, nthawi yake inali isanakwane.

"Tsopano si mlandu wakuba," anatero. "Ndi wakupha. Galimoto yanyamuka kale kuboma, sadikiranso masana."

M'chitokosi muja Nthanda anali atamva. Kulira kwake kunkatuluka pa kazenera kaja ngati kwa mwana wa mbuzi.

"Yankhula," ndinamugunda Benjamin.

Anayankhula, "mami" ndi "heve" zonse zitathawa. Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Izi zikuonetsa kuti pepala la munda n'labodza, mwina. Sizikuonetsa amene anamenya munthu. Buku lili nkhu? Popanda buku, mwana wanu akwera galimoto."

"Tinagwirizana dzulo. Dzukani."

"Ndadzuka kale, mama."

"Ndiye yendani."

*

Kwa a Sankhani tinapeza ngolo ya ng'ombe itaima pakhomo pa chigafa. Mwini ngolo anali mmodzi wa mavenda aja ogula fodya wotsalira n'kumuolotsa malire. Ataona yunifolomu anayamba kumasula ng'ombe zake pang'onopang'ono, ngati kuti anangobwera kudzazimwetsa madzi.

A Sankhani anatuluka m'nyumba atavala jekete, magalasi ali pamphuno.

"A sajeni, takulandirani. Uthenga wachisoni uja taumva. Mpingo wataya mzati." Anandiyang'ana kuchokera kumapazi. "Ndipo mayi, pepani. Kulera n'kovuta masiku ano."

"Nditawaona mapepala a munda aja, bwana," anatero sajeni. "Kungotsimikiza."

"Palibe chobisa." Anakalitenga pepalalo. Analigwira ndi nsonga za zala, lili m'pulasitiki mwake. Sajeni analiyang'ana kutsogolo, kuseri, n'kundipatsira.

"Aa, a sajeni, mayiwa analekezera sitandade 2. Awerengapo chiyani? Mwina mwalizondotsa, mayi, mutu wake ndi uku."

"Sindinabwere kudzawerenga. Ndabwera kudzasankha."

Ndinalisolola m'pulasitiki muja. Pepalalo linali lenileni, lakale, zala zanga zinalizindikira ngati dzanja la m'bale. Koma zilembo zake! Zing'onozing'ono, zopiringizika dala kuti zioneke zachikale, zodzaza mpaka m'mphepete moti chala chinalibe pogwira. Zonse zofanana ngati asilikali, palibe chopendekeka, palibe chobenthuka, palibe pamene inki inachuluka kapena kuchepa. Ndinasisita. See.

"Sajeni, tsekani maso mugwire apa. Mukumva kanthu?"

"Yayi."

"Amishoni ankadinda ndi zitsulo. Zilembo zawo zimaluma. Izi zangomatidwa, onani." Ndinakanda pakona, inki inatsalira m'chikhadabo.

"Mukuwononga umboni!" anakuwa a Sankhani. "Amishoni anali ndi makina osiyanasiyana. Inu munaliko?"

Ndinatuluka pamthunzi n'kukweza pepala lija kudzuwa, monga ndimachitira ndi tsamba ndikafuna kuona ngati lili ndi mawanga. Kabowo ka njenjete kanawala pakona. Ndinalipendeketsa pang'ono. Ndipo pamwamba, kunsi kwa zilembo za Benjamin zija, ndinaona chithunzithunzi chofiirira, chozilala ngati banga la tiyi. Timaluwa. M'kati mwa timaluwamo, M wamkulu, mwendo umodzi wothyoka.

Zaka zonsezo buku lili chitsekere m'bokosi, pepala lopanda kanthu lija linagona chamaso pa nyimbo yomaliza, ndipo inki ya chilembo chachikulucho inalowerera.

"A Kalekeni," ndinatero, osadziwa kuti ndayankhula mokweza.

Ndinamuonetsa sajeni. Ndinamuuza za chilembocho, za kachitsulo kobenthuka, za pepala lomaliza la m'buku. Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja litatchinga dzuwa.

"Ndikuchiona," anatero. "Bwana, pepalali lachokera m'buku la mpingo?"

A Sankhani anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mawu awo sanagwedezeke.

"Banga ndi banga. Mayi wosaphunzira akuona zimene mtima wake ukufuna. Mukuti lachokera m'buku? Bweretsani bukulo tifananize. Funsani mwana wawo kumene analigulitsa."

Foni ya sajeni inalira. Anamvetsera, n'kuibweza m'thumba. "Galimoto yafika kupolisi, mama. Akundidikira."

"Aziyamba apuma. Ayenda ulendo wautali."

Ndinalowa m'chigafa osapempha. Mabelo anali atandandalikidwa kukhoma, asanu ndi awiri, osokedwa bwino, msoko wa aganyu odziwa ntchito, wowongoka ngati mzere wa m'munda. Belo lachisanu ndi chitatu linali lokha pakhomo, lokonzeka kukwera ngolo. Laling'ono, lotupa mbali imodzi, msoko wake wokhotakhota ngati wa munthu amene moyo wake wonse wagwira choko. Pansi pa jeke panali fumbi la fodya lofika m'kakolo.

"Ili anadinda ndani?"

"Ndi zotsalira. Nyenyeswa chabe."

"Sindinafunse kuti ndi chiyani. Dzulo dzuwa likuotcha ndinamva jeke, aganyu anu ali kumowa. Munadinda fodya wouma, onani mmene wafumbutukira. Zaka makumi atatu mukulima fodya, simudziwa kuti amadikira chinyezi? Munkathamangira chiyani?"

"Fodya ndi wanga. Ndikhoza kumudinda nthawi imene ndafuna."

"Sajeni, ng'ambani."

"Mama, kung'amba belo la munthu popanda chikalata..."

"Ndiye ndigula." Ndinatembenukira kwa a Sankhani. "Nyenyeswa zanuzi ndikupatsani belo langa la masamba apamwamba, limene ndasankha ndi manja angawa. Belo kwa belo. Pamaso pa sajeni, pamaso pa wa ngoloyo. Mukana?"

Wa ngolo uja anaseka. "Bwana, landirani msanga. Mayiwa apenga."

A Sankhani anangoyang'ana belo lija.

"Awiri," ndinatero. "Mabelo awiri apamwamba, kusinthana ndi zinyalala. Alipo mlimi ku Kasungu kuno angakane?"

Ng'ombe inapukusa mutu, goli linalira. Thukuta lija ananena Agnesi ndinaliona likutsika kuseri kwa khutu, kulowa m'kolala.

"Silogulitsa," anatero pomaliza.

Sajeni Fumbani anawayang'ana, anayang'ana belo, n'kutulutsa mpeni m'thumba. "Chikalata ndidzalemba pambuyo."

Chiguduli chinang'ambika. Fodya anakhuthuka ngati gaga, fumbi linatitsamwitsa tonse. Sajeni analowetsa mkono mpaka m'chigongono, kenako mpaka paphewa. Anaima. Anasolola chinthu chokulungidwa mu nsalu yoyera ya patebulo, yopindidwa bwinobwino, yomangidwa ndi ulusi.

Linali buku lija. Pachikuto panali banga lakuda limene silinalipo kale.

Ndinatsegula kumapeto ndekha. M uja anali pomwepo ndi timaluwa take. Pambali pake, pamene pankakhala pepala lopanda kanthu, panatsala kamzere kopyapyala kodulidwa ndi lezala. Ndinaika pepala la munda pamenepo. Modulidwa munakumana. Kabowo ka njenjete kanagwera pa kabowo kanzake ka pachikuto. Nditalitseka pang'onopang'ono, chilembo chozilala chija chinagona pa mwini wake, mwendo wothyoka pa mwendo wothyoka.

A Sankhani anakhala pansi pa fumbi la fodya, jekete ndi zonse.

"Ndinangofuna kulitenga," anatero, osayang'ana munthu. "Anakakamira. Munthu wosaona, koma anagwira ngati chitsulo. Ndinangowakankha, anagwera pa bokosi."

"Bwanji simunaliotche?" anafunsa sajeni, akutulutsa unyolo. "Moto ulipo m'khitchini mwanu."

Anadzutsa mutu, odabwa zenizeni, ngati sajeni watukwana.

"Kuotcha mawu a Mulungu? Ine ndine mkhristu, a sajeni."

Ndinafuna kuwalavulira. M'kamwa munali mouma.

"Buku munalikulunga mu nsalu yoyera," ndinatero. "A Kalekeni munawasiya pasimenti. Ndipo mwana wanga, amene anakutsegulirani chitseko chifukwa chokulemekezani, munamupereka kuti akafere kundende."

Wa ngolo anali atapita kalekale.

*

Galimoto ya kuboma sinabwerere yopanda munthu. A Sankhani anakwera kumbuyo, magalasi ali m'thumba, anthu a pamsika atazungulira, chete, ngakhale Agnesi. Benjamin anaima kutsogolo kwa onse, chifuwa chili patsogolo ngati wagwira yekha wakubayo.

Buku nalo linakwera. Sajeni anati ndi umboni, likakhala kukhoti mpaka mlandu uthe, mwina chaka, mwina ziwiri. Asanaliike m'pulasitiki anandipatsa.

"Akuti mumaliwerenga, mama. Tawerengani pang'ono, ndilembe kuti mwalizindikira."

Ndinaika chala pa M uja. Linkanunkha fodya buku lonse. Ndinawerenga mzere woyamba wa nyimbo yomaliza, pang'onopang'ono, chala chikutsata timapazi tija monga anandiphunzitsira. Pa mzere wachiwiri ndinalekeza. Ndinalitseka n'kumubwezera.

"Mulisunge pouma. Likakadyedwa ndi chiswe kumeneko mudzandiona."

"Ndikukhulupirira, mama."

Kenako anatsegula chitokosi. Nthanda anatuluka akuphethira, atafunda chitenje cha eni, chake chija anatenga apolisi. Anandigwera pachifuwa. Ndinamugwira. Ndinamugwira nthawi yaitali kuposa mmene ndinamugwirirapo chibadwire, mpaka anthu anayamba kuyang'ana kumbali.

"Basi," ndinatero. "Tiye ukasambe, kuli maliro. Kiyi uja ali kuti?"

"Ali ndi a sajeni."

"Akakupatsa ukapereke kwa abusa lero lomwe. Asese ena."